Injini Ikamatentha Mopitirira Muyeso: Mafunso ndi Mayankho

Awa ndi mafunso amene eni magalimoto ndi madalaivala amafunsa mobwerezabwereza injini ikayamba kuwira. Akukhudza magalimoto a petulo ndi a dizilo omwe injini zake zimaziziritsidwa ndi madzi. Manambala ali m'munsiwa ndi a magalimoto ambiri, koma pamene buku la galimoto yanu likunena zosiyana, tsatirani bukulo.

Kodi injini imayenera kutentha mpaka pati?

Injini yabwinobwino imakhala yotentha ndithu. Pa magalimoto ambiri madzi ake amakhala pakati pa madigiri 85 ndi 105 a Celsius ikayenda kanthawi, ndipo muvi wa geji umakhazikika chapakati kapena m'munsi pang'ono. Chofunika n'kudziwa pamene muvi wa galimoto yanu umakhala masiku onse. Ukayamba kusendera m'mwamba kuposa pamenepo, ngakhale usanafike pofiira, ndiye kuti china chake chayamba kufooka.

Magalimoto ena alibe geji, ali ndi kanyali kokha. Kakayaka kabuluu, injini ikadali yozizira ndipo palibe chodetsa nkhawa. Kakayaka kofiira, imani.

Nanga kutenthako kumachoka bwanji mu injini?

Pa mphamvu yonse ya mafuta amene injini imawotcha, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi limene limayendetsa galimoto. Lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi, ndipo lotsalalo ndi katundu wa madzi. Pampu imakankha madzi kudutsa m'timipata ta m'kati mwa buloko (thunthu la injini) ndi hedi (mutu wake wa pamwamba). Madziwo amatola kutentha n'kupita nako ku rediyeta, kumene amagawikana m'timachubu topyapyala kuti mphepo iwaziziritse, kenako amabwerera ku injini. Galimoto ikamathamanga mphepoyo imabwera yokha, koma ikaima ndi fani imene imaikoka. Themositati ndi kachitseko kamene kamatseka njira ya ku rediyeta injini ikakhala yozizira n'kutsegula ikatentha. Chivindikiro cha rediyeta chimasunga pulesha kuti madzi asafulumire kuwira.

Ndiye injini ikatentha mopitirira, ndi chimodzi mwa izi: madzi achepa, madzi sakuzungulira, mphepo sikudutsa pa rediyeta, pulesha ikuthawa, kapena injiniyo ikutulutsa kutentha koposa kumene zipangizozi zingachotse. Mafunso onse otsatirawa akungotambasula zimenezi.

Muvi wakwera ndili pamsewu. Ndichite chiyani pompo?

Ngati muvi wangodutsa malo ake koma sunafike pofiira ndipo kulibe nthunzi, zimitsani AC (makina oziziritsa m'kati mwa galimoto), ikani hita pa kutentha kwambiri ndipo tsegulani fani yake mpaka pomaliza. Hita ndi rediyeta yaing'ono yobisika kuseri kwa dashibodi, choncho imathandiza kukoka kutentha mu injini. Mutuluka thukuta, tsegulani mawindo. Chepetsani liwiro, patukani pamalo abwino, ndipo musiye injini ikulira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri mukuyang'ana muvi. Ukayamba kutsika, mwapeza mpata wofufuza modekha.

Muvi ukafika pofiira, kapena nthunzi ikayamba kufuka pa boneti, kapena injini ikafooka n'kumamveka kugogoda, zimitsani nthawi yomweyo. Musadikire kufika pamthunzi.

Imvaninso mpweya umene hita ikutulutsa. Ngati injini yatentha koma hita ikupereka mpweya wozizira, madzi atha kapena sakuyenda. Pamenepo palibe chifukwa chosiyira injini ikulira.

Dikirani nthunzi ithe musanatsegule boneti. Mukatsegula, manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani, chifukwa fani ya magetsi imatha kudzuka yokha ngakhale kiyi ali m'thumba.

Kwangotsala pang'ono kuti ndifike. Sindingangolimba mtima?

Ayi. Hedi ya magalimoto ambiri a masiku ano ndi ya aluminiyamu, ndipo mphindi zochepa muvi uli pofiira n'zokwanira kuti ipindike. Anthu ambiri amene anagulapo injini ina anayamba ndi paipi yong'ambika, chinthu chimene chikanasinthidwa masana amodzi. Ngati palibiretu wokukokani, dikirani injini izizire, thirani madzi, yendani pang'ono, ndipo muvi ukangoyamba kukwera zimitsaninso. Koma ngati madzi akungotayika pansi mukamathira, kapena lamba woyendetsa pampu waduka, galimotoyo ikokedwe basi.

Bwanji amaletsa kutsegula chivindikiro cha rediyeta injini ili yotentha?

Madzi ali m'katimo amatha kukhala atadutsa madigiri 100 koma osawira, chifukwa pulesha yawapanikiza. Mukangopotoza chivindikiro pulesha imathawa, madzi onse amawira kamodzin'kamodzi n'kuthovokera kumaso ndi m'manja. Mabala ake ndi ogonetsa m'chipatala.

Dikirani osachepera mphindi 30, ndipo kuposa pamenepo ngati inawira kwambiri. Finyani paipi yam'mwamba mutaphimba dzanja ndi nsalu. Ikakhala yolimba kuti gwa, pulesha ikadalimo. Ikafewa, ikani nsalu yokhuthala pa chivindikiro, potozani pang'ono nkhope ili kumbali, mpweya uyambe watuluka, kenako tsegulani. Pa magalimoto ena chivindikiro cha pulesha chili pa kathanki kapulasitiki, osati pa rediyeta, ndipo n'choopsa chimodzimodzi.

Musathire madzi ozizira mu injini imene yangowira kumene, ndipo musaikhuthulire madzi pamwamba. Chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka.

Kodi madzi wamba angalowe m'malo mwa kulanti, mankhwala osakaniza ndi madzi a mu rediyeta?

Pangozi, inde. Madzi oyera alionse amaposa rediyeta youma. Ndipo kunena zoona madzi okha amanyamula kutentha bwino kuposa kulanti wosasungunula, n'chifukwa chake kuthira kulanti yekhayekha poganiza kuti injini izizira kwambiri n'kulakwitsa.

Vuto la madzi wamba limaoneka patapita miyezi. Alibe mankhwala oteteza ku dzimbiri, choncho buloko imadyeka m'kati, madzi amasanduka ofiirira, mapiko a pampu amatha. Madzi amchere amasiya chikhakha choyera m'timachubu ta rediyeta monga chimene chimamera m'kati mwa ketulo, ndipo timachubuto n'topyapyala kwambiri moti sitichedwa kutsekeka. Amene amati kotentha kulanti n'ngosafunika amangoganiza za kuundana kwa madzi m'mayiko ozizira, n'kuiwala za dzimbirili.

Muyeso wodziwika ndi theka kulanti, theka madzi. Osakaniza chotero amawira pa madigiri pafupifupi 107 popanda pulesha, ndipo amaundana pa madigiri pafupifupi 37 kunsi kwa ziro. Madzi abwino osungunulira ndi aja opanda mchere amene amathiranso m'batire, koma samalani musatenge botolo la asidi. Werengani chigubu cha kulanti musanasakanize, chifukwa wina amabwera wosungunula kale.

Ndiyambire pati pofufuza chimene chavuta?

Yambani injini ili yozizira. Onani mlingo wa madzi m'kathanki komanso mu rediyeta momwemo ngati ili ndi chivindikiro, poti kathanki kamatha kukhala kodzaza rediyeta ili yoperewera. Onani oyilo. Onani lamba, mapaipi, ndi kumaso kwa rediyeta ngati kwamatirira udzu, matope kapena pulasitiki.

Kenako dzifunseni funso limene makaniko wanzeru amafunsa asanagwire sipanala: imatentha nthawi yanji? Yankho lake limadula ntchito pakati. Imene imatentha pa mdipiti wa magalimoto n'kuzizira msewu ukatseguka ikuloza fani. Imene imakhala bwino m'tauni koma n'kutentha pa liwiro kapena pachitunda ikuloza rediyeta yotsekeka, pampu yofooka kapena paipi yofwafwanyika. Imene imatentha mphindi zochepa chilizireni, pena paliponse, kawirikawiri ndi themositati yokanirira, mpweya wotsekeredwa, kapena pampu yoferatu. Muvi wongokwera ndi kutsika mosadziwika bwino umaloza madzi ochepa, mpweya kapena gasiketi ya hedi yopsa. Chilichonse mwa izi chili ndi funso lake m'munsimu.

Kumbukiraninso chimene chinachitika komaliza pa galimotoyo. Ngati vuto layamba itangochoka kokonzetsa, yambirani pamene panagwiridwapo.

Chimene sindilimbikitsa n'kusintha zipangizo mongolota, lero themositati, mawa pampu, mkuja rediyeta. Pafupifupi chilichonse pano chimayezeka chisanachotsedwe.

Madzi amatha koma sindiona pamene akudontha. Akupita kuti?

Madzi a mu injini sayenera kumathiridwa sabata iliyonse. Akamachepa, akutuluka penapake. Pena amangochucha injini ikatentha n'kuumira pa chitsulo asanafike pansi, koma amasiya chizindikiro: chikhakha choyera, chobiriwira kapena chapinki. Yang'anani ndi tochi kumapeto a mapaipi pamene pali zomangira, pamsoko pamene pulasitiki ya rediyeta yakumana ndi aluminiyamu, pa nyumba ya themositati, pansi pa pampu, ndi pa tizivindikiro tachitsulo ta m'mbali mwa buloko timene timabooka ndi dzimbiri. Kathanki kapulasitiki nako kakakalamba kamachita timing'alu tosaoneka msanga. Usiku yalani katoni pansi pa injini, m'mawa muone pamene panyowa. Madzi oyera opanda fungo odontha chapakati mutagwiritsa ntchito AC si vuto.

Lowaninso m'galimoto mugwire kapeti kutsogolo, pansi pa dashibodi. Ikakhala yonyowa, m'kati mukumveka kafungo kotsekemera ndipo galasi lakutsogolo likuchita nkhungu yamafutamafuta, ndiye kuti hita yabooka.

Zonsezi zikakanika, ku galaja ali ndi kapampu kamanja kamene amamanga pamalo a chivindikiro n'kupopa mpaka pa pulesha yolembedwa pachivindikiropo. Muvi wake ukamatsika, pobooka pamaonekera. Ukamatsika koma kunja kuli gwa, madziwo akulowa m'kati mwa injini. Onani funso la gasiketi.

Imatentha ndikaima pa mdipiti, ndikathamanga imazizira. N'chiyani?

Ndi mphepo, ndipo woyamba kumukayikira ndi fani. Ngati ndi ya magetsi, lizani injini galimoto itaima n'kutsegula AC. Pa magalimoto ambiri fani imayamba kuzungulira pasanapite nthawi. Ikapanda kutero, onani fyuzi, kenako rileyi, kaswichi kamagetsi kamene kamayatsa fani. Nthawi zambiri m'bokosi la mafyuzi mumakhala rileyi ina yofanana nayo, monga ya hutala, imene mungasinthanitse poyesa. Onaninso pulagi ya waya pa fani, chifukwa imakonda kupserera kapena kuchita dzimbiri. Makaniko atha kuipatsa moto wochokera ku batire mwachindunji. Ikazungulira, mota ili bwino ndipo vuto lili ku sensa yoyeza kutentha, rileyi kapena mawaya. Dziwaninso kuti mafani ambiri ali ndi maliwiro awiri, ndipo limodzi limatha kufa linalo likugwira.

Magalimoto ambiri akuluakulu, makamaka mapikapu a dizilo, ali ndi fani yoyendera lamba yokhala ndi kilatchi ya mafuta pakati pake. Kilatchiyi imafa mwakachetechete: fani imaoneka ikuzungulira koma ilibe mphamvu. Injini itatentha, izimitseni, n'kukankha phiko limodzi ndi dzanja. Liyenera kulimbalimba. Likangopita lokha maulendo angapo, kapena mukaona mzere wa fumbi lonyowa ndi mafuta kuchokera pakati pa fani, kilatchi yatha.

Chinanso chimene anthu amachipeputsa ndi chipulasitiki chozungulira fani. Chikasweka, ena amangochitaya. Popanda icho fani imakoka mphepo ya m'mbali m'malo moikoka kudutsa mu rediyeta. Ndipo ngati wina anagwirapo mawaya, tsimikizani kuti fani sikuzungulira chobwerera.

Nanga ikamatentha pa liwiro, pachitunda kapena itanyamula katundu?

Apa mphepo ilipo yambiri, koma rediyeta ikulephera kutaya kutentha konse kumene injini yolemedwa ikutulutsa. Yambani ndi kunja. Kutsogolo kwa rediyeta kumakhala kondensa ya AC, ndipo pakati pa ziwirizi pamaunjikana fumbi, nthenga ndi udzu zimene simungazione mutangosuzumira kutsogolo. Tsukani ndi madzi a mphamvu yochepa kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Makina opopera mwamphamvu amagonetsa tizipsepse ta rediyeta.

Za m'kati mungazidziwe poyeza kutentha kwa malo osiyanasiyana pa rediyeta ndi kachipangizo kounikira patali, injini itatentha. Kutentha kuyenera kutsika pang'onopang'ono kuchokera kolowera madzi kupita kotulukira. Mukapeza zigawo zozizira pakati pa zotentha, timachubu ta pamenepo tatsekeka. Kutsuka ndi mankhwala kumachotsa matope ofewa koma kawirikawiri sikutsegula timachubu toumiratu. Rediyeta zakale za mkuwa zimatheka kumasula n'kuzitokosa, pomwe za aluminiyamu ndi pulasitiki nthawi zambiri zimangofuna kusintha.

Onaninso paipi yam'munsi wina akuponda moto. Ikakalamba n'kufewa, pampu imaiyamwa mpaka kufwafwanyika, madzi n'kuchepa njira. Pachitunda, giya yaikulu injini ikulira motsika imaitenthetsa kwambiri, choncho tsitsani giya kuti pampu izungulire mofulumira.

Ndingadziwe bwanji kuti themositati yafa?

Lizani injini yozizira n'kumagwira paipi yam'mwamba ya rediyeta, dzanja lili kutali ndi fani ndi malamba. Pa injini zambiri paipiyi imakhala yozizira kwa mphindi zingapo, kenako imatentha mwadzidzidzi themositati ikatseguka. Ngati muvi wadutsa pakati koma rediyeta ikadali yozizira, themositati yakanirira chotseka. Ngati paipi ikufunda pang'onopang'ono kuyambira pachiyambi ndipo muvi sukufika malo ake, makamaka pamtsetse, yakanirira chotsegula.

Kuti mutsimikize, ichotseni n'kuimiza m'madzi amene mukuwatenthetsa. Pathupi pake pamalembedwa digiri imene imayambira kutseguka, kawirikawiri pakati pa 80 ndi 92. M'kati mwake muli phula limene limafufuma likatentha n'kukankha kachitseko. Madzi akafika powira iyo ili chitsekere, itayeni. Poika yatsopano, mbali ya sipuling'i iloze ku injini, ndipo ngati ili ndi kabowo kokhala ndi kamsomali kogwedera, kabowoko kakhale m'mwamba kuti mpweya uzitulukirapo.

Makaniko akuti tingoichotseratu themositati. Ndivomere?

Monga njira yofikira kunyumba themositati itakanirira panjira, palibe cholakwika. Monga mankhwala okhalitsa, ayi.

Themositati yabwino ikatseguka siletsa madzi kuyenda, choncho si imene ikutenthetsa injini yanu. Kuichotsa kumangochedwetsa muvi kukwera, vuto lenileni lili pomwepo, ndipo limadzaonekera tsiku limene mwanyamula katundu pachitunda. Pakali pano injini ikuyenda yozizira m'mawa uliwonse ndi pamtsetse paliponse. Kompyuta ya galimoto ikaona kuti injini sinatenthe imapitiriza kuthira mafuta ambiri, mafuta otsalawo amatsuka oyilo m'makoma a silinda, ndipo injini imatha msanga. Mumalipira pa mafuta tsiku ndi tsiku osadziwa chifukwa chake.

Pali chinanso chimene ambiri sachidziwa. Themositati zambiri zili ndi kambale kachiwiri pansi pake kamene kamatseka njira yachidule ya madzi ikamatsegula ya ku rediyeta. Mukaichotsa, njira yachiduleyo imakhala yotsegula nthawi zonse, madzi ena n'kumangozungulira mu injini osafika ku rediyeta. Pa injini zotere, kuchotsa themositati kumawonjezera kutentha kumene mumafuna kuthetsa.

Zoona chivindikiro chokha chingawiritse injini?

Kwambiri. Pamwamba pake pamalembedwa nambala monga 0.9 kapena 1.1, kutanthauza pulesha imene chimasunga poyeza mu bar. Madzi okha amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo kumapiri amawira msanga kuposa pamenepo. Pa pulesha ya bar imodzi amafika pafupifupi 120, ndipo osakaniza ndi kulanti amadutsa 125. Labala wa chivindikiro akang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, mwayi wonsewo umatha. Madzi amathawira m'kathanki n'kusefukira, ndipo mukazimitsa injini mumamva kubwata.

Pansi pa chivindikiro palinso kavavu kakang'ono kamene kamalola madzi kubwerera mu rediyeta injini ikamazizira. Kakamatirira, m'mawa mumapeza paipi yam'mwamba itaphwatalala, kathanki kali kodzaza. Gulani chivindikiro cha nambala yofanana ndi chakale. Cha nambala yaikulu chingaphulitse mapaipi ndi hita.

Zizindikiro za pampu yowonongeka ndi zotani?

Pampu ili ndi kabowo pansi pake kamene kamayamba kudontha chotsekera cha m'kati chikatha. Imathanso kulira mokukuta, ndipo mukagwedeza gudumu lake injini itazima mumamva kuti likusewera. Kufa kovuta kuzindikira ndi kwa mapiko a m'kati: achitsulo amadyeka ndi dzimbiri, apulasitiki amasweka kapena kumasuka pa chitsulo chimene chimawazungulitsa. Kunja zonse zimaoneka bwino koma madzi sakuyenda, ndipo hita imafooka.

Pa injini zambiri pampu imayendetsedwa ndi lamba wa taiming'i, amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mavavu ndi mapisitoni. Ngati yanu ili choncho, sinthani ziwirizi limodzi, chifukwa ntchito yomasula ndi imodzi, ndipo pampu ikagwira imatha kudula lambayo n'kuwononga mavavu.

Yayamba kutentha nditangosintha madzi. Chalakwika n'chiyani?

Mwatsekera mpweya m'kati. Thumba la mpweya likakhala pa themositati kapena mu hedi, madzi sayenda bwino, muvi umavinavina, hita imapereka mpweya wozizira, ndipo kuseri kwa dashibodi kumamveka madzi akuyenda.

Injini ili yozizira, imikani galimoto mutu uli chokwera, ikani hita pa kutentha, tsegulani chivindikiro ndipo thirani pang'onopang'ono. Ngati injini yanu ili ndi timabauti totulutsira mpweya, timasuleni mpaka madzi atuluke opanda thovu. Lizani injini, muzifinya mapaipi, muziwonjezera madzi mlingo ukatsika, mpaka rediyeta itenthe. Tsekani, yendani pang'ono, ndipo ikazizira onaninso mlingo. Thovu likapanda kutha ngakhale mwachita zonsezi, werengani funso lotsatirali.

Ndingadziwe bwanji kuti gasiketi ya hedi yapsa?

Gasiketi imakhala pakati pa hedi ndi buloko, ndipo imalekanitsa zinthu zitatu: moto wa m'silinda, madzi ndi oyilo. Zizindikiro zimadalira pamene yabookera.

Ikabooka pakati pa silinda ndi njira ya madzi, utsi umalowa m'madzi. Mumaona thovu losatha pakamwa pa rediyeta, mapaipi amalimba kuti gwa patangopita mphindi imodzi kapena ziwiri chilizireni injini yozizira, ndipo madzi amakankhidwira kunja kudzera m'kathanki. Injini ikazima, madzi amalowera mbali inayo. M'mawa imadzuka ikunjenjemera kwa kanthawi, ku ekizozi kumatuluka utsi woyera wochindikala wa fungo lotsekemera umene sutha ngakhale injini itatentha, ndipo mukamasula mapulagi mumapeza imodzi yoyera mbee pakati pa zinzake zakuda. Madzi akachuluka m'silinda, injini imakana kutembenuka. Zikatero musaikakamize ndi sitata, mungapinde mkono wa pisitoni.

Ikabooka pakati pa madzi ndi oyilo, oyilo amasanduka wotuwa ndi wokhuthala, mlingo wake umakwera, kapena mumapeza mafuta akuyandama m'kathanki.

Koma musafulumire kugamula. Nthunzi yoyera m'mawa kukuzizira imene imatha injini ikatentha ndi yachibadwa. Kautoto kotuwa pansi pa chivindikiro cha oyilo kamapezekanso pa galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi. Oyilo m'madzi angachokere ku choziziritsira oyilo chobooka, ndipo pa galimoto ya otomatiki angakhale mafuta a giyabokosi, poti choziziritsira chake nthawi zambiri chimakhala m'kati mwa rediyeta. Komanso gasiketi zambiri zimapsa osasakaniza oyilo ndi madzi n'komwe, choncho oyilo woyera si umboni woti zonse zili bwino.

Hedi isanamasulidwe, pemphani kuti ayeze. Pali mankhwala abuluu amene amaikidwa m'kachubu pakamwa pa rediyeta. Akakumana ndi utsi wa m'silinda amasintha mtundu, pa injini ya petulo amasanduka achikasu. Palinso kuyeza kompulesheni ya silinda iliyonse, ndi kupopera mpweya m'silinda n'kuona ngati thovu likutuluka ku rediyeta.

Kukonza gasiketi kumafuna chiyani kuti isapsenso?

Kungochotsa yakale n'kuika yatsopano ndiye chifukwa chake ena amabwerera ku galaja mwezi usanathe. Hedi iyezedwe ndi chitsulo chowongoka ndi timapepala tachitsulo toyezera mpata. Pa injini zambiri kupindika kololedwa n'kochepa kwambiri, pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.1, kosaoneka ndi maso. Ikadutsa pamenepo ikapalidwe pa makina, ndipo ayiyezenso ngati ili ndi ming'alu. Pamwamba pa buloko payeretsedwe n'kuyezedwanso. Mabauti a hedi pa injini zambiri za masiku ano amatamuka akamangidwa ndipo sabwerezedwa. Amangidwe ndi sipanala yoyezera mphamvu, motsatira ndondomeko ya m'buku, osati mongomva m'manja. Pa madizilo ambiri gasiketi zimabwera mu makulidwe osiyana, ndipo yoyenera imasankhidwa poyeza mmene mapisitoni atulukira pamwamba pa buloko. Oyilo ndi fyuluta zisinthidwe.

Ndipo funsani kuti chinaipsereza n'chiyani. Nthawi zambiri gasiketi imapsa chifukwa injini inatentha kaye. Ngati fani yakufa kapena rediyeta yotsekeka ikadali pomwepo, yatsopanoyo ipsanso.

Nanga mankhwala othira mu rediyeta otseka pobooka?

Angakufikitseni kumene mukupita ngati kabowo n'kakang'ono. Koma sasankha potseka, amamatanso timachubu ta hita ndi ta rediyeta. Paipi yong'ambika, pampu yodontha kapena pulasitiki yosweka sangazithandize. Mukawagwiritsa ntchito, muuzeni makaniko kuti adzatsuke pokonza.

Kodi geji ingathe kunama?

Inde, mbali zonse ziwiri. Sensa yowonongeka kapena waya wokhudza chitsulo angakwezere muvi pofiira injini ili bwinobwino. Makina owerengera kompyuta ya galimoto, omwe amalumikizidwa pa soketi ya OBD2 pansi pa chiwongolero, amaonetsa digiri imene kompyutayo ikuwerenga. Mageji ambiri amakono anapangidwanso kuti muvi uzikhala chapakati ngakhale madigiri akusintha, moti ukayamba kusuntha ndiye kuti kutentha kwakwera kale.

Bodza loopsa ndi ili: madzi akatayika onse mwadzidzidzi, sensa imatsala pouma ndipo muvi umatha kutsika injini ikupsa. Muvi ukakwera kenako n'kugwa wokha, hita n'kuzizira, musasangalale. Zimitsani.

Zonse za madzi zili bwino koma ikutenthabe. Chatsala n'chiyani?

Oyilo wochepa, poti nayenso amanyamula kutentha. Taiming'i (nthawi imene moto umayaka m'silinda) yolakwika, makamaka yochedwa. Injini ya petulo yolandira mafuta ochepa poyerekeza ndi mpweya. Ekizozi yotsekeka, imene imabweranso ndi kufooka pachitunda. Mabuleki ogwira, amene mungawadziwe poona gudumu limodzi lotentha kuposa anzake. Kapena rediyeta yogulidwa yaing'ono kuposa imene galimotoyo inabwera nayo.

Kulanti asinthidwe liti, ndipo mitundu ingasakanizidwe?

Kulanti wamtundu wakale amasinthidwa pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, pomwe wamakono wokhalitsa amafika zaka zisanu. Chimene chimatha si mtundu wake koma mankhwala oteteza ku dzimbiri. Musadalire maonekedwe posankha, chifukwa makampani amaika utoto umene afuna, ndipo obiriwira awiri atha kukhala osiyana. Tsatirani zimene buku la galimoto likunena. Mitundu ina ikasakanizidwa imafooketsana kapena kupanga matope. Ngati simukudziwa amene ali m'katimo, khuthulani yense, tsukani, n'kuyamba ndi mmodzi.

Kulanti wambiri amapangidwa ndi ethylene glycol, amene ndi poizoni koma amatsekemera. Pang'ono pokha amawononga impso za mwana, galu kapena mphaka. Musamusiye m'beseni poyera, musamusunge m'botolo la chakumwa, ndipo wotayikira pansi mupukuteni. Wina akamwa, thamangirani naye kuchipatala ngakhale akuoneka bwino.

Inawira kamodzi, ndakonza, ndipo ikuyenda bwino. Pali china choti ndichite?

Ngati inafika pofiira, sinthani oyilo, chifukwa kutentha kotero kumamuwononga. Ndi bwino kusinthanso themositati ndi chivindikiro, poti themositati imene yaphikidwa nthawi zina siyambanso kutseguka pa digiri yake. Finyani mapaipi onse, ndipo yofewa kwambiri, yotupa kapena youma mpaka kuchita ming'alu ichoke.

Gasiketi yovulala imatha kudzaonekera patapita masabata. Lembani kamzere pa kathanki pamene madzi alekezera injini ili yozizira, ndipo kwa masabata angapo muziona m'mawa uliwonse musanalize, galimoto itaima pamalo athyathyathya. Mlingo ukatsika kamodzi tsiku loyamba kapena lachiwiri, ungakhale mpweya wotsalira umene watuluka. Ukamatsikabe pambuyo pake, kayezetseni pulesha ndi mankhwala abuluu aja.